Pitani, koma akupatseni baji ya msonkhano wonse

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kukaimba pa msonkhano wa amalonda ndi achinyamata opanga zinthu zatsopano ku Lilongwe, pamene okonza akuti ndalama ya woimba palibe, adzangokubwezerani ya thiransipoti, phindu lanu n'lakuti akuluakulu adzakuonani. Ine ndikuti pitani, koma musavomere musanagwirizane nawo zingapo, ndipo zikhale zolembedwa, ngakhale pa WhatsApp pomwepo.

Yambani ndi baji. Pa misonkhano yotereyi woimba kawirikawiri amamulowetsa nthawi yake ikakwana, akangotsika pa siteji n'kumuperekeza kunja. Zikatero ndiye kuti simunakumane ndi aliyense, chifukwa anthu amadziwana pa tiyi wa m'mawa, pamzere wa nkhomaliro ndi pa zakumwa za madzulo. Auzeni kuti poti sakulipirani, akupatseni baji yofanana ndi ya nthumwi zina, dzina lanu likhale pa pulogalamu, ndipo MC akutchuleni bwinobwino. Zimenezi siziwaonongetsa ndalama. Akakana, dziwani kuti akungofuna wina wosangalatsa anthu podikira mlendo wolemekezeka, ndipo pamenepo kanani mwaulemu. Muyang'anenso chikwangwani cha msonkhanowo. Ngati pali zizindikiro za banki kapena kampani ya foni, ndiye kuti holo yalipiridwa, wa zokuzira mawu walipidwa, wojambula naye walandira zake. Sikulakwa kutchula mtengo wanu, ngakhale mutautsitsa.

Chimene ndikunenera kuti mupite ndi anthu amene adzakhale m'holomo. Mudzakhala oona za malonda a m'makampani, a mabungwe, ndi achinyamata a m'malo othandiza oyambitsa mabizinesi atsopano ngati mHub, imene Rachel Sibande anaiyambitsa mu 2013, kapena Mzuzu E-Hub. Anthu amenewa amafuna nyimbo zotsatsira malonda pa wailesi, nyimbo zoika m'mavidiyo awo, ndi woimba pa tsiku lokhazikitsa katundu watsopano. Ngati msonkhano wanuwo uli mu Novembala, mwezi wa Global Entrepreneurship Week, ndiye mwachita mwayi, pakuti ndi nthawi imene makampani amasaka oimba a pa maphwando otsekera chaka.

Apa ndi pamene oimba ambiri amagwera. Munthu wa kampani akakukondani sakutulutsirani ndalama m'thumba. Adzati mutumize kotesheni, kenaka invoisi, ndipo a ku akaunti adzafuna TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA ndi nambala ya akaunti ya ku banki. Woimba woyankha kuti "ingotumizani pa Mpamba" amamusiya n'kutenga wina, ngakhale wosamposa mawu. Choncho musanapite katengeni TPIN, ndipo ngati mungathe lembetsani dzina la bizinesi ku boma. Mudziwiretu mitengo yanu itatu: kuimba nokha ndi gitala, kubwera ndi bandi, ndi kupeka nyimbo yotsatsira malonda. Kumbukiraninso kuti kampani imadula msonkho isanakulipireni, kotero muwerengere zimenezo potchula mtengo, ndipo muzipempha satifiketi ya msonkho wodulidwawo.

Nkhani ina imene sindifuna muinyalanyaze ndi ya makamera. Adzakujambulani, mwina adzaonetsa pa Facebook nthawi yomweyo, ndipo pakapita miyezi mudzangomva nyimbo yanu ikulira pansi pa kavidiyo kotsatsa malonda a kampani ina. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lili kumbali yanu, koma mlandu umavuta ngati palibe cholembedwa. Lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, musanakaziimbe, ndipo mu uthenga wanu kwa okonza munene kuti vidiyo angaigwiritse ntchito pofotokoza za msonkhanowo basi, zotsatsira malonda mukambirana padera. Mupemphenso kuti akupatseni vidiyoyo, chifukwa kamera zawo zimakhala zabwino kuposa foni ya mnzanu.

Za pa siteji sinditaya nthawi, inu mukuzidziwa kundiposa. Kungoti zokuzira mawu za pa msonkhano amazikonzera olankhula, ndiye fikani m'mawa anthu asanalowe, muyese gitala ndi maikolofoni, mutenge chingwe chanuchanu. Nyimbo zitatu zakwana. Pulogalamu imachedwa nthawi zonse, ndipo woyamba kumudula mphindi ndi woimba, choncho nyimbo yanu yamphamvu ikhale yoyambirira. Za ndale zisiyeni kunyumba, pampando wakutsogolo pakhoza kukhala nduna. Muimbe m'Chichewa ndithu, koma musanayambe nenani mwachidule m'Chingerezi kuti nyimboyo ikukamba chiyani, alendo a ku maofesi a akazembe ndi mabungwe akunja asatsalire. Akakuikani pa nthawi ya zakumwa, musakhumudwe anthu akamacheza inu mukuimba. Abwerera zomwezo. Tsitsani mawu, ndipo amene akumvetsera adzakupezani.

Mukatsika musathamangire kukapakira zida. Zungulirani, koma osauza aliyense kuti mukufuna wokuthandizani kujambula chimbale, mawu amenewo amathawitsa anthu. Funsani munthu zimene kampani yake imachita ndi amene amawakonzera zochitika zawo. Tengani nambala yake inuyo, chifukwa khadi lanu likalowa m'thumba la jekete silidzatulukanso. M'mawa mwake mulembereni uthenga waufupi womukumbutsa zimene munakambirana, muikepo vidiyo imodzi ndi mitengo yanu.

Ya thiransipotiyo akutumizireni musananyamuke, ndipo ngati pulogalamu ikutha usiku, afotokozeretu kuti mukagona kuti.