Kalata ija ndinatayipa ndine

Achimwene ena a ku Nkhotakota andilembera. Amagwira ntchito pa chipatala cha mpingo, ndipo akuluakulu awaitana. Akuti kwamveka zoti ali pachibwenzi ndi mwamuna mnzawo, ndiye alembe okha kalata yosiya ntchito kuti nkhani ithe mwaulemu. Akufunsa ngati alembe.

Achimwene, mwandisowetsa tulo, chifukwa kalata yotereyi ndinaitayipapo ndi zala zangazi. Ndinali kalaliki pa sukulu ina ya mishoni kuno ku Salima. Tinali ndi mphunzitsi wa masamu yemwenso ankaimbitsa kwaya, ndipo akaimbitsa Lamulungu amayi ankapukuta misozi ndi chitenje. Zaka 9 pantchito, osadzudzulidwapo. Tsiku lina mayi wina wa mumpingo anati wamuona ku Senga Bay ndi mnyamata mnzake. Umboni unali womwewo basi. Abusa anandipatsa pepala lolemba pamanja kuti nditayipe, mwiniwake adzangosaina. Ndinatayipa, mpaka kukonza mawu amene abusawo analakwitsa. Anasaina dzanja likunjenjemera, n'kukakwera minibasi pa Kamuzu Road ndi chikwama chimodzi. Ine ndinapita kunyumba kukaphika nsima.

Chaka chomwecho mphunzitsi wina anapereka mimba kwa mtsikana wa Fomu 3. Ameneyo anangomusamutsa. Ndiye wina asandiuze kuti nkhani yake ndi chiyero, ayi.

Anthu amathamangira kunena kuti ndi lamulo. Inde, gawo 153 la Penal Code, lomwe amazengera mlandu amuna ogonana okhaokha, likadalipo, chilango chake mpaka zaka 14, ndipo mu 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linakana kulithetsa. Tikukumbukiranso 2010, awiri aja, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, atagamulidwa zaka 14 ku Blantyre pa mlandu womwewu, Bingu n'kuwakhululukira Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations panthawiyo, atabwera. Koma mlandu amagamula ndi khothi, poona umboni. Komiti ya mpingo si khothi, ndipo manong'onong'o a pamjigo si umboni. Paja malipiro a anthu ambiri ogwira ntchito m'zipatala za mishoni amachokera ku boma, ku misonkho ya tonsefe, yanunso ili momwemo. Ine kutchalitchi ndimapitabe, musandiyese wakunja. Kungoti ndinaona ndekha kuti mawu oti "mwaulemu" amateteza dzina la mpingo, munthuyo n'kumapita chimanjamanja.

Ndiye mutani?

Musalembe, musasaine kanthu. Mukasiya nokha, kudandaula pambuyo pake kumavuta kwambiri. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna kuti abwana akhale ndi chifukwa chomveka komanso akupatseni mpata woyankhapo. Apempheni alembe papepala chimene mwalakwa, ndipo za moyo wanu musawafotokozere, pakuti zimene munganene zingakafike kupolisi. Akakuchotsani muli ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, zikakanika nkhani ipite ku Industrial Relations Court, khothi la nkhani za pantchito, ku Lilongwe. Gawo 5 loletsa tsankho silitchula nkhani yanuyi mwachindunji, choncho tsamirani pa ndondomeko yomwe aphwanya. A CEDEP ndi a CHRR, mabungwe omenyera ufulu wa anthu, nkhani zoterezi amazidziwa, afikireni msanga.

Mphunzitsi wa masamu uja ndinadzamuona kamodzi pa depoti ya ku Lilongwe, akugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera. Sanandione. Ndinatembenuka n'kukakwera basi yanga.