Musayambe ndi kupempha mabuku: yankho kwa amayi a ku Chadiza

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa amayi ena a ku Chadiza, mphunzitsi amene anapuma ntchito. Andilola kuti ndiwayankhe poyera, koma dzina lawo ndalisunga. Mwachidule analemba kuti: "Pafupi ndi kwathu pali chipinda chowerengeramo chimene anthu akufuna kwabwino anatimangira zaka zapitazo, natisiyiramo mabuku. Lero chimangokhala chotseka ndipo chiswe chalowa. Tilipo anthu asanu ndi mmodzi amene tikufuna kuchidzutsa. Tiyambire pati? Kodi mukudziwako bungwe limene lingatitumizire mabuku atsopano?"

Amayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Mwandifunsa mafunso awiri, ndipo ndikupemphani kuti lachiwirilo mulisunge kaye m'thumba kwa miyezi ingapo. Chipinda chanucho sichinatsekedwe chifukwa chosowa mabuku, pakuti mwanena nokha kuti mabuku alimo, chiswe ndiye chikuwadya. Chinatsekedwa chifukwa omanga atapita panalibe munthu woti chinthuchi n'chake, woti denga likadontha tulo timusowe. Mukabweretsa makatoni ena lero musanakonze zimenezi, pakatha zaka zitatu mudzalembanso kalata ngati yomweyi.

Ndikunena zimene ndinaziona ndi maso anga. Ndinakhalapo mlembi wa komiti ya kalaibulale kena m'komboni ina muno mu Chipata. Tinalandira mabuku ambiri, tinachita mwambo wotsegulira, alendo anajambula zithunzi. Kiyi tinampatsa mnyamata wina wodzipereka amene anali atangomaliza Giredi 12. Anagwira ntchito mokhulupirika pafupifupi chaka chonse popanda ngwee, kenaka anapeza ntchito ku Lusaka, ndipo palibe akanamuletsa. Titakhala pansi tinapeza kuti tilibe kaundula wa mabuku, tilibe ndalama, ndipo sitinalembe paliponse kuti nyumbayo ndi ya yani. Eni malo anayamba kusungiramo matumba a feteleza. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandipweteka, chifukwa mlanduwo unali wathu a komiti, sunali wa mnyamatayo.

Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kufufuza mwini nyumba ndi mwini malo. Kodi chipindacho chili pa malo a sukulu, a tchalitchi, a khonsolo, kapena pa malo amene amfumu anapereka? Muno mu Zambia malaibulale alibe mwini mmodzi. Alipo a Zambia Library Service, imene inayamba mu 1962 ndipo ili pansi pa unduna wa maphunziro. Laibulale ya chigawo chathu chino cha kum'mawa, imene ili muno mu Chipata, ndi yawo, monganso za ku Choma, Kasama, Mansa, Mongu ndi Solwezi. Ena ndi a makhonsolo, monga a ku Lusaka, Ndola ndi Kitwe. Ena ndi a masukulu, a mipingo ndi a mabungwe. Kudziwa kuti inu muli m'khola liti kudzakuuzani chitseko choyenera kugogoda. Ngati ndi pa sukulu, aHedi ndi komiti ya makolo ayenera kuvomera, ndipo ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu m'boma lanu, idziwe. Ngati ndi malo a mfumu, pitani mwaulemu monga mwa mwambo, koma potuluka mukhale ndi kalata m'manja. Pangano la pakamwa limafa pamodzi ndi amene analipangana. AHedi amasamutsidwa, abusa amasinthidwa, wobwerayo adzafuna chipindacho kuti chikhale kalasi, makamaka tsopano pamene ana achuluka m'makalasi kuyambira pamene maphunziro aulere anayamba mu 2022.

Tsopano za komiti, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse.

Anthu asanu ndi mmodzi ndi chiyambi chabwino, koma dzifunseni kuti ndinu ayani. Ngati nonse ndinu aphunzitsi opuma a mpingo umodzi, anthu adzati ndi chinthu cha aphunzitsi aja, ndipo sadzaponyapo kanthu. Onjezani mayi wa pamsika amene amasunga buku la chilimba, chifukwa ameneyo amadziwa kulonda ndalama kuposa ambiri a ife ophunzira. Onjezani mnyamata ndi mtsikana amene amawerengadi, oimira a nyakwawa, ndi munthu mmodzi wa mu Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya wodi ya kwanuko. Musapitirire anthu khumi ndi mmodzi, kuopa kuti msonkhano uzilephereka chifukwa chodikirana.

Lembani malamulo a bungwe lanu, masamba awiri kapena atatu akwana, ndipo akhale m'Chinyanja kuti awerengedwe pa msonkhano wa mudzi. Anene kuti wapampando, mlembi ndi msungichuma amasankhidwa bwanji, ndiponso kuti amakhala zaka zingati. Ine ndimakonda zaka ziwiri, munthu n'kubwerezanso kamodzi kokha. Ndikudziwa kuti kwathu kuno n'kovuta kuuza munthu wamkulu kuti bambo nthawi yanu yatha, n'chifukwa chake lamulo lilembedwe lero, pamene palibe amene wakhala pa mpando, kuti mawa pepala ndilo lidzalankhule. Malamulowo anenenso kuti bungwe likatha katundu adzapita kuti. Mukatero mukalembetse kwa Registrar of Societies, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe, chifukwa popanda setifiketi banki idzavuta kukutsegulirani akaunti ya gulu, ndipo bungwe lililonse lofuna kukuthandizani lidzayamba lafunsa pepala limenelo. Pa akaunti pakhale osayinira atatu, ndalama zizituluka asayina awiri, ndipo awiriwo asakhale a nyumba imodzi. Ndalama za laibulale zisalowe pa nambala ya foni ya msungichuma imene amalandirirapo za kunyumba kwake, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Kumeneku si kumukayikira. N'kumuteteza, chifukwa tsiku limene K50 idzasowe, dzina lake ndilo lidzaipe pamudzi.

Chinthu china chimene komiti zambiri zimasokoneza ndi malire a ntchito yawo. Komiti siiyang'anira mashelefu tsiku ndi tsiku. Ntchito yake ndi kuika malamulo, kupeza ndalama, kulankhula ndi akuluakulu, ndi kufunsa lipoti mwezi uliwonse. Wosunga laibulale ndiye amatsegula, kubwereketsa, kulemba m'kaundula ndi kuthandiza ana. Wa m'komiti akafuna buku asaine monga wina aliyense, ndipo abweze pa tsiku lake. Mabuku ambiri abwino amathera m'nyumba za anthu amene wosunga laibulale amachita nawo manyazi kuwalonjerera.

Ndipo wosungayo muzimupatsa kanthu. Kudzipereka n'kwabwino, koma munthu amene wakhala m'chipinda masiku anayi pa sabata sanapite kumunda kapena ku ganyu masiku amenewo. Ndalama ya sopo yokhazikika mwezi ndi mwezi ikhale mzere woyamba pa bajeti yanu, mabuku atsatire pambuyo. Odzipereka ena azibwera mosinthana, wina Loweruka kudzawerengera ana nthano, wina madzulo kudzathandiza a Giredi 12 masamu, koma kiyi akhale ndi munthu amene akudziwa kuti iyi ndi ntchito yake. Kuli bwino kutsegula masiku atatu okha pa sabata, maola odziwika olembedwa pa chitseko, kusiyana ndi kulonjeza tsiku lililonse mwana n'kuyenda mtunda wautali kudzapeza loko. Akapeza loko kawiri sabweranso.

Munthu wina wachuma wa ku America, Andrew Carnegie, anapereka ndalama zomangira malaibulale opitirira 2,500, ambiri ku America ndi ku Britain, amene anamangidwa pakati pa 1883 ndi 1929. Chimene chimandikoka mtima pa nkhani yake ndi pangano limene ankaika: mzinda wofuna nyumbayo unkayenera kupereka malo ndi kulonjeza kuti chaka chilichonse uzitulutsa wokha ndalama zoyendetsera, zokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo womangira. Amene anakumangirani chipinda chanu sanakupempheni pangano lotere, choncho mulipangane nokha tsopano.

Nanga ndalamazo zichokera kuti? Yambirani pakhomo. Nthawi yopempha kwathu kuno ndi yokolola, kuyambira mu Meyi mpaka pamene anthu agulitsa, osati mu Januwale kapena Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama zathera ku feteleza ndi mayunifolomu. Musapemphe ndalama zokha. Meda imodzi ya chimanga, ya nshawa kapena ya soya pa banja lililonse n'njosavuta kupereka kusiyana ndi ndalama, ndipo komiti ikasonkhanitsa n'kugulitsa pamodzi zimaoneka. Lembani dzina la aliyense wopereka, ndipo pakutha pa miyezi itatu iliyonse mumate pepala pa chitseko losonyeza zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zotsala, malisiti ali m'faelo yoti aliyense angathe kuona. Pepala limenelo ndilo lidzakubweretserani chopereka cha chaka chamawa.

Kenaka ana a kwanuko amene ali ku Lusaka, ku Migodi ndi kunja. Inu amayi munaphunzitsa zaka zambiri, ndiye muli ndi chuma chimene ine ndinalibe: ana anu a m'kalasi tsopano ndi manesi, apolisi, aphunzitsi, amalonda. Gulu la pa WhatsApp limathandiza, koma musalembe kuti "thandizani laibulale". Lembani kuti tikufuna malata asanu ndi limodzi, mtengo wake ndi uwu, nayi kotesheni, ndipo mukakhoma muwatumizire chithunzi. Ngati mudzakhale ndi sola, kutchajitsa mafoni kungabweretse kandalama ka tsiku ndi tsiku. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalipiritse mwana polowa. Chikalata cha UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, chonena za malaibulale a anthu onse, chimene chinatuluka koyamba mu 1949, chimaima pa mfundo yakuti laibulale yotere ikhale yaulere, ndipo mwana amene alibe K2 ndiye amene kwawo kulibe buku ngakhale limodzi.

Ndalama zazikulu, zokonzera denga, mawindo, mipando ndi sola, zifuneni ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'makonsitichuwense. Thumba limeneli linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu bajeti ya 2022, ndipo lakhala likukwerabe zaka zotsatira. Pempho la pulojekiti ya anthu limayambira ku Ward Development Committee, n'kupita ku komiti ya CDF kudzera ku khonsolo. N'chifukwa chake ndinati m'komiti yanu mukhale munthu wa kumeneko. Dziwani kuti mukupikisana ndi mijigo, makalasi, milatho ndi zipinda za amayi oyembekezera, zonse zofunika, ndipo pa msonkhano wa wodi palibe amene adzatchule laibulale ngati inu simunapiteko. Mwana wosalira amafera mu mbereko. Koma musayembekezere kuti ndalama za pulojekiti zizilipira wosunga kiyi mwezi ndi mwezi. Chimenecho chidzakhalabe chanu.

Popita kwa akhansala kapena kwa a khonsolo musanyamule mawu okoma onena za ubwino wowerenga, amenewo aliyense amavomera n'kuiwala. Nyamulani kaundula. Ngakhale musanakonze kalikonse, sesani chipindacho, chotsani mabuku odyedwa, thirani mankhwala a chiswe, tsegulani ndi zimene zilipo, ndipo aliyense wolowa alembe dzina, giredi ndi mudzi wake. Pakatha miyezi itatu mudzatha kunena kuti ana akutiakuti amabwera sabata iliyonse, ndipo atsikana ndi angati. Aitaneni akhansala tsiku limene chipinda chadzaza, adzaone ana atakhala pansi chifukwa mipando yatha. Pa 8 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga pa dziko lonse, konzani mpikisano wowerenga ndipo mudziwitse wailesi monga Breeze FM kapena Radio Maria. Chenjezo langa n'limodzi: laibulale isavale chitenje cha chipani. Landirani thandizo la aliyense ndi manja awiri, muthokoze poyera, koma pa khoma pasakhale chizindikiro cha chipani chilichonse, chifukwa mipando imasintha zaka zisanu zilizonse ndipo ana a onse ayenera kulowa momasuka.

Tsopano tulutsani funso lija la m'thumba. Inde, mabungwe otumiza mabuku alipo. Book Aid International ya ku London imatumiza mabuku atsopano m'maiko a mu Africa kuphatikizapo Zambia, koma imadzera m'mabungwe amene inagwirizana nawo m'dzikomo, osati kwa munthu amene wangolemba kalata. Njira yanu ndi kubwera ku laibulale ya chigawo muno mu Chipata, mutanyamula setifiketi, malamulo anu ndi kaundula uja, kudzadziwana ndi oyang'anira. Muwapemphenso kuti aphunzitseko wosunga laibulale wanu kalembedwe ndi kasanjidwe ka mabuku. Onaninso ntchito ya a Lubuto Library Partners, amene anatsegula laibulale yawo yoyamba ku Kamwala mu Lusaka mu 2007. Iwo amaika mtima pa ana ovutika ndipo malaibulale awo amakhala ndi nthano, zojambula ndi masewero, osati mashelefu okha.

Ndipo phunzirani kukana mwaulemu. Si katoni iliyonse imene ili mphatso. Buku la malamulo a misonkho a dziko lina, kapena la kompyuta la zaka makumi atatu zapitazo, limangodya malo ndi kuitana chiswe. Afunseni anawo zimene akufuna. Kwathu kuja ankafuna mabuku a silabasi, mapepala a mayeso akale a bungwe la mayeso la ECZ, dikishonale, ndi malo abata okhala ndi nyali nthawi ya mayeso. Aang'ono ankalimbirana timabuku tochepa ta Chinyanja timene tinali nato mpaka tinang'ambika, ndipo timeneto sitibwera m'makatoni a kunja, n'tofunika kugula ndi ndalama zanu kwa osindikiza a muno monga Zambia Educational Publishing House. Alimi ankafunsa za mitengo ya mbewu ndi matenda a nkhuku ndi nkhumba, ndiye mukapemphe timapepala ku ofesi ya zaulimi.

Amayi, mukadzakhala pansi ndi anzanu asanu aja, mundilembere kuti malowo mwapeza kuti ndi a yani. Ngati mungafune, ndikutumizirani malamulo amene komiti yathu inalemba mochedwa, nyumba itapita kale, kuti muchotsemo zimene zingakuthandizeni.