Malichero ndi opepuka, nanga mtengo wakwereranji?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amakhala ku London, ndipo anandipempha malichero atatu oti akongoletsere m'nyumba. Ndinawalongedza m'katoni yaikulu, m'mbali monse ndikutsekera nyuzipepala zakale kuti asaphwanyike. Pa sikelo sanafike n'komwe makilo awiri, koma kampani yotumiza katundu pa ndege inati ndilipire mtengo wa makilo 12. Ndinabwerera nayo kunyumba katoniyo. Kodi sikuba kumeneku? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Pepani mayi, ndalama ikusowa masiku ano ndipo kudandaula kwanu n'komveka. Koma sanafune kukuberani. Chimene anakutchajani si kulemera kwa malichero, ndi malo amene katoni yanu ikanatenga m'ndege.

Ganizani za minibasi ya ku Kanengo. Mukakwera ndi mtolo wa udzu wofolerera, kondakitala safunsa kuti ukulemera bwanji, amawerenga mipando imene watseka. Ndege nayo imatha kudzaza isanalemedwe, n'chifukwa chake makampaniwa amayesa kawiri. Amaika katundu pa sikelo, kenako amatenga tepi yoyezera. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000, nambala imene makampani ambiri, kuphatikizapo DHL Express, amagwiritsa ntchito. Nambala yotulukayo amaitenga ngati makilo, n'kuiyerekeza ndi makilo a pa sikelo. Chimene chakula pa ziwirizi, ndicho mumalipira.

Simunandiuze kukula kwa katoni yanu, koma makilo 12 amatuluka pa katoni ya masentimita 50 ndi 40 ndi 30. Kuchulukitsa kumapereka 60,000, kugawa ndi 5,000 ndi 12 ndendende. Ndiye kuti ndalama zambiri zikanapita ku nyuzipepala ndi mpweya.

Chitani izi: sanjikizani malicherowo limodzi m'kati mwa linzake, kulungani ndi chitenje (mwana wanu adzachikondwera kuposa nyuzipepala), kenako dulani makona a katoni ndi mpeni, muipinde kuti igwire katundu bwinobwino. Ngati malichero anu akwana m'katoni ya masentimita 40 ndi 40 ndi 15, mtengo utsika kufika pa makilo asanu. Samalaninso kuti katoni isatupe pamimba kapena kutuluka kanthu pambali, chifukwa tepi amaiyika pamene pakula kwambiri.

Ine ndikanayambanso ndafunsa ku positi ofesi ya Malawi Posts Corporation musanabwerere ku kampani ija. Mapositi a maiko amatsatira malamulo a bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ku Bern m'dziko la Switzerland, ndipo m'menemo muli gulu la timaphukusi ting'onoting'ono: kasapitirire makilo awiri, mulitali kasapose masentimita 60, ndipo mukaphatikiza mbali zonse zitatu zisapose 90. Onani mmene malire ake alili pafupi: katoni ya 40, 40 ndi 15 ikupanga 95, yagwa kunja, ya 40, 40 ndi 10 ikupanga 90, yalowa. Masentimita asanu okha akhoza kusamutsa katundu wanu kupita ku gulu lina la mtengo. Positi imachedwerapo, inde, koma malichero saola.

Muwuzenso mwana wanuyo kuti kwawoko nkhani ndi yomweyo, ngakhale pa makalata. Kuyambira mu 2006, Royal Mail, positi ya ku Britain, imatchaja poyang'ana kukula, osati kulemera kokha. Kalata wamba isapose masentimita 24 ndi 16.5, kukhuthala mamilimita asanu, kulemera magalamu 100. Khadi ya Khirisimasi yokhala ndi kabaji kapena kariboni kotukuka pamwamba imakanika kudutsa pa kampata koyesera kukhuthala kwa kalata, ndipo imalowa m'gulu la kalata yaikulu. Chifukwa chake n'chakuti makalata amasankhidwa ndi makina, ndipo makina amafuna zinthu zafulati, zotha kupindika. Ku America, envelopu yofanana mbali zonse zinayi imalipiritsidwa ndalama yoonjezera pa chifukwa chomwechi. Ndipo chonde, kiyi kapena fulashi musaziponye choncho mu envelopu wamba. Zimang'amba pepala, envelopu n'kukafika yopanda kanthu.

Mukamapitanso, yesani katoni kunyumba ndi tepi ya telala, werengerani nokha, nambalazo mulembe pa kapepala. Akakutchulirani mtengo, pemphani kuti ayese inu mukuona, ndipo funsani nambala imene akugawira.