Udzudzu wa Wolbachia si umene unatsala pang'ono kundiphera mwana

Achemwali, ndawerenga zimene anthu akukuyankhani zoti udzudzu wa Wolbachia, umene amautulutsa m'madera pofuna kuchepetsa dengue, akuti akuutulutsa pofuna kutitha, ndipo ndikulemba izi manja akunjenjemera. Amene akunena zimenezo sanaonepo mwana akutuluka magazi m'nkhama chifukwa cha dengue, matenda a vairasi ofalitsidwa ndi udzudzu. Ine ndinaona.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 7. Zinayamba ngati malungo basi, thupi kutentha, mutu, kupweteka kuseri kwa maso, kulira kuti mafupa akuthyoka. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Koma dokotala wa pamenepo, osamuyang'ana n'komwe mwanayo, anangoti ndi malungo obisala, n'kutipatsa mankhwala a malungo ndi ibuprofen. Nditafunsa kuti nanga poti m'magazi mulibe, anandiyankha kuti, "Mayi, dokotala ndi ine kapena inu?" Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu chifukwa cha kukhala chete kumeneko.

Tsiku lachisanu kutentha kunatsika, ine n'kumati wachira, mpaka kuthokoza Mulungu mokweza. Usiku womwewo anayamba kusanza osalekeza, atagwira pamimba, manja ndi mapazi zili zii. Nditamupukuta kukamwa kansalu kanabwera kofiira. Papilo ponse madontho a magazi. Ndinamunyamula akulendewera, ndikamuitana dzina amangotembenuza maso, osayankha. Kuchipatala china anati ndi dengue, ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, atsikiratu, ndipo namwino atamva za ibuprofen anagwira pakamwa, chifukwa pa dengue mankhwala amenewo amawonjezera kutaya magazi. Masiku 4 ali pa dripu, ine pambali pa bedi ndikuyang'ana chifuwa chake ngati chikukwerabe. Dokotala woyamba uja ndinabwererako kukamuuza. Kupepesa ayi. Anangoti zimachitika. Zimachitika? Mwana wa munthu?

Kuchipatala chachiwiri chija anandiuzanso kuti dengue ilipo ya mitundu 4, ndipo akadzadwala kachiwiri ndi mtundu wina zikhoza kudzavuta kuposa poyamba. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga chilichonse chokhudza udzudzu umenewu, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Wolbachia ndi bakiteriya amene amakhala m'kati mwa maselo a tizilombo touluka ndi tokwawa, pafupifupi theka la mitundu yonse, agulugufe ndi tintchentche ta pazipatso tomwe. Anamuzindikira kale mu 1924, si chinthu chopangidwa dzulo. Kungoti Aedes aegypti, udzudzu wakuda wa mizere yoyera umene umafalitsa dengue, Zika ndi chikungunya, mwachibadwa ulibe. Asayansi anamulowetsa m'mazira ake, ndipo anapeza kuti akakhalamo, vairasi imalephera kuchulukana bwino m'thupi la udzudzuwo chifukwa imalimbirana naye chakudya chimodzi m'maselo. Udzudzu umalumabe, koma mpata woti upatsire munthu umachepa kwambiri. Munthu satenga Wolbachia akalumidwa, ndipo chibadwa cha udzudzuwo (ma genes) sichinasinthidwe.

Chimene chinandizizwitsa ndi mmene Wolbachia amafalikira yekha. Udzudzu waukazi umapatsira ana ake kudzera m'mazira. Wamphongo amene ali naye akakwera waukazi amene alibe, mazirawo saswa. Ndiye pakapita miyezi, ambiri m'deralo amakhala oti ali naye, osafunikanso kumangotulutsa ena chaka ndi chaka. Kutulutsa udzudzu umenewu kunayamba ku Cairns ku Australia mu 2011. Ku Yogyakarta ku Indonesia, bungwe la World Mosquito Program linatulutsa udzudzuwu mbali zina za mzinda n'kusiya zina, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti odwala dengue anachepa ndi 77 peresenti, ogonekedwa m'chipatala ndi 86 peresenti. Ndikaona 86 ameneyo ine ndimaona bedi lija.

Wina wafunsa za malungo. Imeneyo ndi nkhani ya udzudzu wina wotchedwa Anopheles, osati Aedes. Ku Kenya a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe analengeza mu 2020 za kachilombo kena, Microsporidia MB, kamene kamakhala mwachibadwa mu Anopheles arabiensis n'kutsekereza tizilombo ta malungo, koma zikadali pa kafukufuku, musataye neti.

Ndiye achemwali, akabwera kwanuko ndi pulogalamu imeneyi, pitani kumsonkhano mukafunse mafunso onse, koma musawathamangitse chifukwa cha mavidiyo a pa WhatsApp. Usiyeni udzudzuwo uswane. Komabe ndisakunamizeni, ine udzudzu uliwonse umene walowa m'nyumba mwanga ndimapha, wa Wolbachia kapena ayi, maso sangasiyanitse. Khuthulani madzi m'matayala akale, m'zitini, m'miphika ya maluwa, vindikirani migolo, sabata iliyonse. Aedes amaluma masana, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, choncho mwana akagona masana mum'funditsenso neti. Akatentha thupi thamangirani kuchipatala ndipo mverani zimene akuuzani, osamadzipangira udokotala kunyumba. Koma malungo akapanda kupezeka musachoke msanga, nenani kuti ayezenso dengue, ndipo ibuprofen kapena asipirini muzikane, paracetamol yekha. Kutentha kukatsika musagone tulo, masiku awiri otsatirawo ndi amene mwana wanga anayamba kutuluka magazi.