Kachitsulo ka wotchi kakukana kutuluka

FUNSO: Akonzi, ndili ndi wotchi ya Seiko 5 yomwe anandisiyira malemu bambo anga, nde inalowa madzi mvula yathayi mpaka galasi kuchita nthunzi mkati. Ndatsegula kumbuyo kuti ndichotse makina ndiumitse koma kachitsulo kotcherera nthawi kaja, ena amati stem, kakukaniratu kutuluka. Mnzanga akuti ndingokoka ndi pulayazi, nditero? Wowerenga, Ndirande

YANKHO: Achimwene, pulayaziyo ibwezeni kaye kwa mwini wake. Kachitsuloko nkoonda heve, mbali ya mazinga sikakwana ndi milimita imodzi yomwe, komanso sikanangolowa ngati msomali ayi, mkatimo muli kaliva kamene kamakakola pakhosi, nde mukakoka mwamphamvu kaduka basi muyambe kusaka kena.

Simunatiuze nambala ya makina. Ngati palembedwa 7S26, omwe Seiko inayamba kupanga mu 1996 ndipo ali mu ma Seiko 5 ambirimbiri, vuto likhoza kukhala loti mwakokera kamutu ka kachitsuloko panja ngati mukutchera nthawi. Kakankhireni mkati kaye. Kenako sunthani chitsulo cholemera chozungulira chija, yang'anani pomwe stem yalowera muona kaliva kokhala ndi kadzenje ngati kobayidwa ndi singano. Dinani pakadzenjepo pang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano uku mukukoka kamutuko ndi zala, kachitsuloko kamatuluka kokha bwinobwino.

Mawotchi ambiri akale a ku Switzerland amakhala ndi kasikuluu pamalopo. Kameneko mumangomasula kamodzi kapena kamodzi ndi theka, mukapitirira kaliva kamagwera mbali ya manambala, zikatero mpaka kuchotsa mivi ndi nkhope yonse ya wotchi, ntchito ya tsiku lonse imeneyo kwa munthu wosazolowera.

Koma poti mwatchula madzi ine ndikukaikira dzimbiri, madzi amakonda kulowera pakamutu pomwepo kalabala kake kotchinga madzi kakauma. Ngati mwadina bwino koma zii, tengani kadontho ka oyilo wopepuka kunsonga ya singano, kamodzi kokha, muike pomwe stem yalowera mugoneke usiku wonse, mawa muyesenso mukupotokola pang'onopang'ono. Oyilo wopopera wa WD-40 musapopere chonde, ikafika pa kasipiling'i konga tsitsi kaja kamamatana wotchi nkuyamba kuthamanga ngati yapenga. Kakakanabe, tsekani mupite nayo kwa okonza mawotchi sabata yomwe ino dzimbiri lisanafike kumagiya, ndipo muwauze asinthiretu kalabalako.