Malipenga a Handel sakuphonya, mayi

Mayi wina wandilembera kuti anagula chimbale cha Music for the Royal Fireworks, nyimbo ya wopeka nyimbo wakalekale George Frideric Handel, choimbidwa ndi zida zakale, koma malipenga ake akumveka ngati akuphonya. Akufunsa ngati achibweze.

Funso lanu landigwira mtima, mayi. Ine ndinakula ndikuomba lipenga mu bandi ya kutchalitchi, ndipo amene ankatiphunzitsa anali ndi kamakina kopimira mawu. Kasingano kakangopendekera pang'ono, basi, watuluka pamzere, anzako akukuyang'ana. Ndinafika poliopa lipenga langa lomwe, manja kumachita thukuta ndisanaombe n'komwe. Patapita zaka ndinakhala mu holo ina ku London, ndikuona bambo wina atagwira lipenga lalitali lopanda mabatani ndi dzanja limodzi, linalo lili m'chiuno, mitsempha ya pakhosi itatupa. Mawu onse ankawaumba ndi milomo yokha. Tsiku limenelo ndinakwiya ndi kamakina kaja.

Handel anapeka nyimboyi mu 1749, yoti iimbidwe panja ku Green Park, paki ya mu London, pa 27 Epulo, pokondwerera mtendere umene anasainirana ku Aix-la-Chapelle chaka cham'mbuyo. Mfumu George II ya ku Britain inkafuna zida za asilikali, osati ma violin. Choncho Handel analembera zida zouzira, ma oboe 24, ma bassoon 12, malipenga 9 ndi ma horn 9, kuphatikizapo ng'oma. Mabatani a malipenga anadzabwera pambuyo pa 1810, iye atamwalira kalekale. Lipenga lopanda mabatani lili ndi mawu ake achibadwa, ndipo ena amagwera pakati pa mawu amene khutu lathu linazolowera. Handel ankawadziwa, ankawamva tsiku ndi tsiku, ndipo analemba ali nawo m'khutu. Ndiye wina akawasalaza onse kuti amveke bwinobwino, kwa ine wachotsa nyimboyo mano.

Panalinso serpent, chida chamtengo chokutidwa ndi chikopa, chopindikapindika ngati njoka, chokhala ndi mabowo 6. Handel anachilemba pa pepala kenako n'kuchifufuta. Zimandipweteka, chifukwa kulira kwake kobuula kukanakhala bwino pansi pa La Paix, gawo lodekha lija. Ndipo taganizani za Charles Mackerras, wotsogolera oimba, yemwe mu 1959 anajambula nyimboyi pakati pa usiku, popeza ndi nthawi yokhayo imene oomba oboe ambiri chotero a mu London ankakhala ataweruka. Anthu amafika mpaka pamenepo pofuna phokoso lenileni, ife n'kumadandaula ndi liwu limodzi lopendekera!

Ndiye mutani?

Musachibweze. Magulu ambiri a zida zakale amatsitsa mawu onse pang'ono, liwu la A n'kumanjenjemera ka 415 pa sekondi m'malo mwa ka 440 kamene tinazolowera, ndiye khutu limayamba ladabwa. Yambirani pa gawo lachisangalalo lotchedwa La Réjouissance, mukweze wailesi, mumvetsere kwa sabata yathunthu. Chikakakanibe, funani chimbale cha wotsogolera oimba Trevor Pinnock, chimene malipenga ake ndi ofewerapo.