Kwa adzukulu anga a pa Chitakale: za kanema uja ndi mnzanu amene sanaseke

Adzukulu anga, kalata yanu yandipeza. Mwati Loweruka lina munakaonera kanema wakunja womasuliridwa m'Chichewa ku vidiyo sho pa Chitakale, wonena za bambo wa pantchito yabwino amene chilakolako chogonana chinamukola. Usiku sagona, ali pa foni kuonera zolaula. Masana ali ndi uyu, madzulo ali ndi uja. Ntchito inatha, mkazi ananyamula ana n'kumapita, iye n'kutsala akulira yekha. Mwati anyamata ankaimba miluzu n'kumakuwa kuti "tonde azinunkha!", amayi awiri anatuluka akunena kuti munthuyo ndi wolodzedwa, koma mnzanu wina, amene masiku onse ndiye amayambitsa phwete, anangoti zii mpaka kanema anatha. Panjira anakunong'onezani kuti, "Zija ndi zanga." Tsono mukufunsa ngati imeneyi ndi nthenda kapena ndi chiwerewere chabe, ndiponso kuti mnzanuyo mumutani.

Ndiyambe ndi kuseka kuja. Kwina sindikudabwa nako. Nkhani za kuchipinda kwathu kuno timazimvera ku chinamwali kapena kwa alangizi usiku wa ukwati, ndiye zikaonekera poyera pakati pa gulu, munthu amaseka pobisa manyazi. Komanso omasulira makanema aja amathira nthabwala zawo ngakhale pamene mwini kanema anafuna kuti anthu agwire chibwano, ndipo gulu limangotsatira mawu a womasulirayo. Chimene chandiwawa ndi miluzu ija. Munthu akutha pamaso panu, inu n'kumamutama kuti ndiye mwamuna.

Mawu a tonde aja simunawapeke ndinu. Munawapeza, pamodzi ndi aja akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, ndi nthabwala za gondolosi zimene anthu a kwina amatisereula nazo ife Alhomwe ngati kuti ulemu wathu wonse uli pa muzu umenewo. Ine ndinaona kumene mawu otere anatifikitsa. Edzi itadziwika m'dziko muno mu 1985, sipanapite zaka zambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tinayamba kusowa sabata yopanda maliro. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma ambiri amene tinkawaphikira phala sanafike chaka chimenecho. Ena mwa iwo anali amuna otamidwa aja, amene tsiku la malipiro ku esiteti ya tiyi sankafika pakhomo mpaka Lolemba. Ndipo poti kwathu kuno n'kwa chikamwini, mwamuna akagwa kapena akathawa, ana amatsala pamudzi pa mayi awo, m'manja mwa agogo ndi amalume. Ena mwa inu munaleredwa motero. Musanaimbe mluzu, funsani amene anakulerani.

Amayi amene anatuluka aja anaona chimene anyamata sanaone, kuti munthuyo akuzunzika. Pamenepo ndikuwayamika. Koma mawu akuti walodzedwa ndimawaopa, chifukwa akangotchulidwa ndalama imathera kwa asing'anga, ndipo chala chimakaloza nkhalamba ina yosalakwa ya m'mudzi. Lamulo la 1911 likadalipo, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tsono funso lanu. Inde, achipatala amalidziwa vutoli. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mndandanda watsopano wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo m'menemo muli vuto lolephera kudziletsa pa zogonana. Koma mvetsetsani bwino, kuti musayambe kudziona odwala nonse. Kukhala ndi chilakolako pa msinkhu wanu si nthenda, ndi mmene thupi linalengedwera. Kudzimva wochimwa chifukwa cha zimene mwaganiza nakonso pakokha si nthenda. Amati ndi vuto pamene khalidweli lakhala pakati pa moyo wonse wa munthu kwa miyezi 6 kapena kuposa apo, moti sasamalanso thupi lake, sukulu, ntchito ngakhale ana. Wayesa kusiya kambirimbiri koma akulephera. Akupitiriza ngakhale akuona kuti banja likupasuka. Ndipo chomvetsa chisoni kwambiri, akupitiriza ngakhale sakumvanso kukoma kulikonse. Ameneyo amafanana ndi chidakwa chimene chimalira m'mawa kuti sichidzamwanso, dzuwa likapendeka chili kale pa kachasu. Kawirikawiri pansi pake pamakhala china: nkhawa, kusungulumwa, mowa, mwinanso nkhanza zimene munthu anachitiridwa ali mwana ndipo sanauzepo aliyense.

Pano ndiumitse mawu. Kukhala nthenda sikufafaniza mlandu. Wina asabwere kwa mkazi wake ndi chindoko n'kumati "ndine wodwala, undimvetse." Wogwiririra ndi wogwiririra, malo ake ndi kupolisi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo wokhudza mwana alibe chowiringula, kaya atchule matenda, kaya atchule mwambo wa kusasa fumbi. Kudziwa kuti ukudwala kumakupatsa udindo wofuna thandizo msanga anthu ena asanapweteke.

Simunandiuze ngati pa mabenchi akutsogolo panali ana a pulayimale, koma ndimadutsa m'misika yathu, kuyambira pa Nkando mpaka ku Limbuli, ndipo ndimaona amene amalowa m'tizinyumba timeneti. Kanema wotere ndi wa akuluakulu. Mukadzaona mng'ono wanu ali mmenemo, mugwireni dzanja mutuluke naye, ndipo mwini malowo mumuuze mwaulemu. Akakana, a mfumu alipo.

Za mnzanuyo tsopano. Iye wakupatsani chinthu cholemera kwambiri, ndipo anasankha inu pakati pa anthu onse amene anali m'chipinda chija. Ganizirani mmene ankamvera, atakhala pakati pa anzake akuseka chilonda chake. Nkhaniyi isafike pa WhatsApp, isafike pa bawo, isafike kwa chibwenzi chanu. Mukaiulula sadzauzanso munthu wina mpaka kalekale, ndipo ena amene ali ngati iye adzaphunzira kutseka pakamwa.

Musamulalikire, wadzidzudzula kale mokwanira. Mufunseni kuti zimamugwira nthawi yanji: akalandira ndalama, akamwa, kapena usiku akakhala yekha ndi foni? Pamenepo ndi poyambira. Ngati ndi ndalama, tsiku la malipiro azisungitsa kwa mayi ake kapena kwa munthu amene amamuopa. Ngati ndi foni, izigona chipinda china. Madzulo muzimutenga ku mpira kapena ku kwaya. Adzagwanso, mwina kangapo, ndipo tsiku limenelo musamutaye.

Mupite naye kukayezetsa magazi, inunso muyezetse kuti asaoneke yekha. Akapimidwenso chindoko ndi chinzonono, ndipo atenge makondomu, chifukwa pamene akulimbana ndi vutoli pali ana a eni amene akuwaika pachiswe. Kuchipatala chachikulu cha boma mufunse za namwino kapena dokotala woona za matenda a m'maganizo. Ambiri amathawa poopa kuti awatumiza ku Zomba, pamene kumeneko amapititsa odwala kwambiri, ndipo thandizo la vuto ngati ili limayamba ndi kukhala pansi n'kukambirana. Pemphero likhalepo, ine ndimalikhulupirira, koma liziyenda limodzi ndi uphungu.

Ngati ali pabanja, mkazi wake ayenera kudziwa, chifukwa moyo wake nawonso uli pangozi. Amuuze yekha, ankhoswe ali pomwepo, ndipo asankhe ankhoswe osunga pakamwa. Ngati sanakwatire, musamukakamize kuti akwatire msanga poganiza kuti ukwati umuchiza. Mungangopereka mwana wa eni ku mavuto.

Pali malo amodzi okha pamene chinsinsi chimathera. Mukadzamva akunena kuti moyo watopa nawo, kapena mukadzazindikira kuti akuzembera mwana, musadikire kuti kuche. Wina akhale naye, wina athamange kwa amalume ake kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, ndipo ngati nkhani ikukhudza mwana, ikafike kupolisi tsiku lomwelo.